Kabelu ka M'galimoto Kamadziwa Bwanji Nthawi Yolira?

Aliyense amene anakwerapo timagalimoto tochokera ku Japan, monga Vitz, Sienta, Probox kapena Freed, akukadziwa kaphokoso kaja koti pii, pii, pii. Kamayamba dalaivala akanyamuka asanamange lamba, kamabweranso akatsegula chitseko nyali zikuyaka, ndipo pa galimoto zina kamangolirabe giya ikakhala pa rivesi. Madalaivala ambiri amakamva ngati udzudzu wa pakhutu, choncho amathamangira kwa makaniko kuti akakatontholetse. Koma kabelu kameneka sikalira popanda chifukwa. Ndalama imene munthu angalipire kuti akatseke pakamwa, ndi bwino aigwiritse ntchito pofufuza chimene chikukaliritsa. Kuti timvetse zimenezi, tiyeni tione kaye mmene kamagwirira ntchito.

Galimoto ilibe maso. Zinthu imazidziwa kudzera m'timaswichi tofanana ndi swichi ya tochi, kungoti iti sitidikira chala cha munthu. Tsegulani chitseko cha dalaivala, muyang'ane pachitsulo pomwe chitsekocho chimagunda chikatsekedwa. Pa galimoto zambiri muona kabatani kakuda kovekedwa labala. Chitseko chikatsekedwa chimakakanikiza ndipo njira ya moto imaduka. Chikatsegulidwa kabatani kamatuluka, moto n'kudutsa. Ndi komweka kamene kamayatsa nyali ya kudenga. Kaswichi kena kali mkati mwa pomwe mumalowetsa kachitsulo ka lamba, kena kali patsinde pa handibuleki, kena polowetsa kiyi. M'kabotolo ka mafuta a buleki muli kanthu koyandama, kamene kamatsikira pansi mafuta akachepa n'kukhudza kaswichi kake. Pansi pa nsalu ya mpando wakutsogolo pali kachipangizo kopyapyala komva kulemera, kodziwitsa galimoto kuti pakhala munthu. Palibe kaswichi kamene kamadziwa zambiri. Kalikonse kamangoyankha funso limodzi, inde kapena ayi.

Mayankho onsewa amakathera ku kakompyuta kobisika kuseri kwa dashibodi, ndipo ndi iko kamene kamagamula kuti belu lilire. Kamachita ngati nduna za kubwalo la mfumu, zimene siziweruza zitangomva mboni imodzi. Chitseko chotsegula pachokha si mlandu. Nyali zoyaka pazokha si mlandu, pajatu usiku zimayenera kuyaka. Koma injini ikazima, nyali zikuyaka, chitseko cha dalaivala n'kutseguka, mboni zitatu zagwirizana kuti munthuyu akuchoka atasiya nyali zikudya batire. Apo belu limalira. N'chimodzimodzinso ndi lamba. Galimoto ikaima pamalo amodzi, kumangoyaka kanyali kofiira pa dashibodi; pa Toyota zambiri phokoso limayamba liwiro likafika pafupifupi makilomita 20 pa ola. Pa galimoto zakale chiweruzo chimenechi chinkachitika ndi kalumikizidwe ka mawaya basi. Pa zamakono timakompyuta tilipo tingapo, ndipo timatumizirana mauthenga pa mawaya awiri opotana, njira yotchedwa CAN imene kampani ya Bosch ya ku Germany inalengeza mu 1986. Kayendedwe ka mauthengawo ndi nkhani ya amisiri. Ife tingogwira mfundo yakuti waya umodzi wa kuseri kwa dashibodi ukhoza kunyamula nkhani za zinthu zambirimbiri.

Nanga phokosolo limatuluka pati? Galimoto zina zili ndi kasipika kakang'ono, koma zambiri zili ndi kambale kopyapyala, kukula kwake ngati ndalama yachitsulo, komatidwa ndi dongo lapadera lootcha. Moto ukafika pa dongolo kambale kamapindika pang'ono, ukachoka kamawongoka. Kakompyuta kakamatumiza moto n'kumaudula maulendo masauzande pa sekondi imodzi, kambale kamanjenjemera, kunjenjemerako n'kukhala phokoso, monga chimachitira chikopa cha ng'oma. Khalidwe limeneli analitulukira ndi abale awiri a ku France, Pierre ndi Jacques Curie, m'zaka za 1880 ndi 1881, pofufuza miyala ina yonyezimira. Kambale kotereka ndi kamenenso kamalira m'wotchi ya pamkono ndi m'mita ya magetsi mayuniti akatsala pang'ono kutha. Kalibe mbali yokhulana ndi inzake, choncho sikafa msanga. Belu likamavuta, kawirikawiri vuto limakhala ku kaswichi kapena ku waya.

Wina anena kuti, "Zonsezo n'zoona, koma belu langa limanama. Limalira lamba nditamanga, pampando wapambali palibe munthu." Tiyeni tifunse bwino. Pampandopo palibe munthu, koma pali chiyani? Nthawi zambiri pamakhala thumba la ufa kapena chigubu cha mafuta ophikira. Kachipangizo ka mumpando sikasiyanitsa mlamu wanu ndi thumba la mpunga, kamangomva kulemera. Katunduyo mumuike kumbuyo, komwe ndi malo ake, chifukwa thumba losamangidwa limauluka galimoto ikaima mwadzidzidzi. Belu likamanena za chitseko pamene mwatseka, mwina fumbi la m'misewu yathu yadothi lalowa m'kabatani labala atang'ambika, kapena chitsekocho chinagwa pang'ono ndipo sichikukanikiza mokwanira. Chitseko chotere chikhoza kutseguka pa bampu, mwana atatsamira. Mukaona bwino, belu silinaname. Lanena zimene lauzidwa, ndipo lakuonetsani pamene pali vuto. Kupukuta kabatani kapena kugula kena sikufuna ndalama zambiri.

Ena amati phokosolo limangosowetsa mtendere. Dandaulo limeneli si lachilendo. Ku America, galimoto zatsopano zinayamba kukakamizidwa kukhala ndi belu la lamba mu 1972, ndipo posakhalitsa kunabwera lamulo loti injini isalire mpaka lamba atamangidwa. Anthu anakwiya kwambiri, moti mu 1974 nyumba ya malamulo inathetsa lamulolo n'kulamula kuti belu lisapitirire masekondi 8. Koma taonani: ngakhale anthu okwiyawo sanalichotseretu belu. Kusowetsa mtendere ndiyo ntchito yake, pakuti chenjezo lokoma kumva palibe amene angalilabadire. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Lamba wodutsa paphewa ndi m'chiuno, amene Nils Bohlin wa kampani ya Volvo anakonza mu 1959, amachepetsa ndi pafupifupi theka chiopsezo choti munthu wokhala kutsogolo afe pa ngozi, malinga ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO. Tsono munthu wolowetsa kachitsulo kopanda lamba kuti belu likhale chete, kapena womanga lamba kumbuyo kwa msana, wapusitsa kaswichi ndipo mwina wapusitsanso wapolisi wa pamsewu, koma galasi lakutsogolo sanalipusitse. Ana ake kunyumba ndiwo adzalipire.

Palinso amene amati galimoto zakale zinalibe zonsezi koma zinkayenda. N'zoona, ndipo zinkakankhidwanso m'mawa uliwonse wina akaiwala kuzimitsa nyali. Mababu awiri akutsogolo, lililonse la mawati 55, kuphatikiza timababu takumbuyo, amatha kukhetsa moto wa batire la mavoti 12 m'maola ochepa chabe. Kale anyamata anayi ankakankha, injini n'kudzuka. Galimoto zambiri za masiku ano ndi za otomatiki, ndipo otomatiki sidzuka pokankha. Mufunika galimoto ina ndi mawaya okopera moto. Komanso batire likamatheratu moto kawirikawiri limakalamba msanga, ndipo mtengo wa latsopano mukuudziwa.

Chenjezo lalikulu lili pa njira zimene anthu amatsekera belu pakamwa. Pa galimoto zambiri kambale kolira kaja ndi kamodzi, koma ntchito zake n'zambiri. Mukakadula chifukwa cha lamba, mwakadulanso pa nkhani ya handibuleki, ndipo tsiku lina mudzayenda mtunda wautali handibuleki ili m'mwamba, mpaka mudzamve fungo la mabuleki akupsa. Ena amazula fyuzi. Koma fyuzi imodzi imatha kudyetsa zinthu zingapo, choncho belu likatonthola mupeza kuti nyali ya kudenga, wotchi kapena mbali ina ya dashibodi yafanso. Dashibodi yakufa singakuuzeni kuti oyilo wathawa kapena injini yatentha, ndipo injini yophikika ndi ndalama za chaka chonse. Pamenepa tinenepo za fyuzi, chifukwa ndi pomwe ambiri amaonongera galimoto zawo. Fyuzi ndi kawaya kofooka mwadala, kamene kamasungunuka moto ukachuluka kuti mawaya ena asapse. Mphamvu yake imalembedwa pamwamba ndipo imadziwikanso ndi mtundu: yofiira ndi ya 10, yabuluu ndi ya 15, yachikasu ndi ya 20. Ikapsa, ikani ina ya nambala yomweyo. Musaike yaikulu poganiza kuti ndiye yolimba, ndipo musamange kawaya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya m'malo mwake. Mukatero mwachotsa mlonda, ndipo chimene chidzasungunuke ndi mawaya a kuseri kwa dashibodi, pakati pa mapulasitiki ogwira moto msanga. Fyuzi yatsopano ikapsanso nthawi yomweyo, pali waya wosupuka amene akukhudza chitsulo, mwina wodyedwa ndi makoswe ngati galimoto imagona pafupi ndi chimanga. Pamenepo pitani kwa makaniko wa zamagetsi, ndipo mumuuze bwino kuti belu limalira nthawi iti, mukuchita chiyani, ndi kanyali kati kamene kamayaka limodzi nalo. Kanyaliko ndiko kamatchula mlandu. Belu limangoitana kuti muyang'ane.

Pali liwu limodzi lokha limene mungalinyalanyaze osadandaula. Galimoto zambiri zochokera ku Japan, mukangotembenuza kiyi, mumamva mayi akulankhula Chijapani. Ena amaganiza kuti galimoto ikuwalonjera, ena amaopa kuti ikunena za vuto la injini. Mawuwo amachokera m'kabokosi kolembedwa kuti ETC, komwe nthawi zambiri kamakhala pansi pa chiwongolero kapena m'kabati ya kutsogolo kwa mpando wa wokwera. Ku Japan kabokosika amalowetsamo khadi lolipirira misewu popanda kuima pa geti, ndipo mayiyo amangodandaula kuti khadilo mulibe. Pa mageti a ku Chingeni ndi ku Kalinyeke kabokosi kameneka kalibe ntchito. Sikakhudzana ndi lamba, zitseko kapena mabuleki, choncho makaniko wa zamagetsi akhoza kukachotsa, bola akulunge bwino nsonga za mawaya otsalawo ndi tepi.