Za Mphunzitsi Woyamba Sukulu ku Dziko la Eni

Tsiku lotsegulira sukulu ana ambiri amadza ndi mantha. Wina aopa mphunzitsi watsopano, wina aopa kuti zonse anaziphunzira chaka chatha zamthawa m'mutu. Koma chimene ana sachidziwa ndi ichi, kuti mphunzitsi nayenso ali nao mantha ache, makamaka iye wochokera kutali. Mphunzitsi wa m'mudzi mwanu momwe akudziwani inu, ndi amai anu, ndi atsibweni anu. Mukajomba, adziwa nyumba yoti akaodireko. Koma mlendo adzuka mamawa, naima pamaso pa nkhope zosazidziwa, ndipo ngakhale mau akuuza ana kuti akhale pansi sali m'kamwa mwache. Tsono mverani za anyamata ena amene anasiya kwao, nadza kuno kudzayamba sukulu pakati pa makolo athu.

Kumwera kutali, ku South Africa, m'dziko la Axhosa, pafupi ndi mudzi wa Alice, kunali sukulu yaikuru dzina lache Lovedale. Amishoni a ku Scotland anaitsegula m'chaka cha 1841. Kumeneko anyamata amaphunzira kuwerenga ndi masamu, ndiponso nchito za manja, monga kupala matabwa, kupanga ngolo ndi kusindikiza mabuku. Mkuru wa sukuluyo anali Dr James Stewart, munthu amene anaona mtsinje wa Shire ndi maso ache m'chaka cha 1862, masiku a David Livingstone. Ndipo ndiye anafulumiza anzache a ku Scotland kuti atumize mishoni ku Nyanja. Mishoniyo inadza, ndi sitima yache yaing'ono ya Ilala, imene anthu anaisenza zidutswa zidutswa polambalala mathithi a Shire. Inalowa m'Nyanja pa 12 October 1875, ndipo anamanga pa Cape Maclear, m'dziko la mfumu Mponda.

Chaka chotsatira, cha 1876, Dr Stewart anafunsa anyamata a pa Lovedale ngati alipo wofuna kunka kukathandiza. Anaimirira oposa khumi, nasankhidwa anai: William Koyi, Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili. Koyi sanali wophunzira kwambiri, ndipo anadziwa yekha. Ananena kuti alola kunka ngakhale kukatema nkhuni ndi kutunga madzi. Anayenda pa nyanja ya mchere kufikira ku Quelimane, nakwera Zambezi ndi Shire m'mabwato. Wauchope anagwidwa ndi malungo oopsya, nabwezedwa kwao asanagwire nchito. Iyeyu anakhala mbusa ndi mlembi womveka pakati pa anthu a mtundu wache, namira m'nyanja ndi sitima ya Mendi m'chaka cha 1917, pa nkhondo yaikuru yoyamba. Ntintili, mmisiri wa ngolo, anathandiza nchito pa Blantyre, nabwerera kwao m'chaka cha 1880. Koma Shadrach Mngunana ndiye anapatsidwa sukulu ya pa Cape Maclear.

Taganizani tsopano za sukulu imeneyo. Inu mukadza chaka chatsopano mupeza nyumba iripo, mabuku alipo, ndi anzanu a chaka chatha okuonetsani pokhala. Shadrach sanapeze zotere. Ana ache sanali a mudzi umodzi kapena a mtundu umodzi. Ena anali ana a mafumu a Makololo a kunsi kwa Shire, ozolowera kutumikiridwa. Ena anali ana a anthu othawa ukapolo, amene anadza kudzabisala pa mishoni. Mwana wa mfumu ndi mwana wa kapolo anayenera kukhala pa mphasa imodzi, ndi kuchula chilembo chimodzi. Ndipo chimenecho sichinali chinthu chapafupi masiku aja. Buku lowerengera ana la m'Chinyanja kunalibe. Makolo ambiri sanadziwe kuti sukulu ipindulanji, popeza mwana wokhala pansi tsiku lonse salima, sasodza, saingitsa mbalame ku mapira.

Koma bvuto loposa onse linali la chinenedwe. Mphunzitsi wotere asanaphunzitse kanthu, ayenera ayambe iye kukhala wophunzira, ndipo aphunzitsi ache ndiwo ana omwewo. Aloza mtengo, ana nanena dzina lache. Iye abwereza, ana naseka, pakuti lilime lache lapotoza. Abwerezanso kufikira aleka kuseka. Ndipo ndinena kuti kuseka kumeneko sikuli koipa konse, malinga mwana akatha kuseka akonze mauwo. Choipa ndicho kumsiya mlendo alakwe, ndi kukamseka kuseri kwa nkhokwe.

Shadrach anali ndi mwai umodzi umene Azungu anzache analibe. Chixhosa ndi Chinyanja ndi zinenedwe zapachibale, zophuka pa tsinde limodzi. Ife titi munthu, iwo ati umntu. Ife madzi, iwo amanzi. Ife mvula, iwo imvula. Ife njoka, iwo inyoka. Ndi nyama yomwe aiti inyama. Kumva mau otere ku dziko la eni kuli ngati kukomana ndi mbale wako pa msika wa kutali. Koma chibale chimenechi chimanyenganso, pakuti mau ena asiyana kutari. Moto iwo ati umlilo, galu ati inja, dzuwa ati ilanga. Ndiponso m'Chixhosa muli mau ena olira ndi lilime m'kamwa, monga achitira munthu poitana nkhuku. Chotero mphunzitsi amayenda m'chinenedwe chathu ngati munthu wooloka mtsinje pa miyala: mwala uwu ulimba, winawo ugwedera.

Ndi dziko lomwe linamlaka. Kwao ku Lovedale kumazizira, ndipo masiku a chisanu madzi amaundana m'mamawa. Malungo a kuno kulibe. Iye anafika ku Nyanja m'mwezi wa October, dzuwa liri kuswa mtengo, ndipo posachedwa mvula inagwa, udzudzu nuchuruka. Amishoni anasankha Cape Maclear chifukwa cha dooko lache labwino losungira sitima, koma malowo anali a malungo, ndi ng'ombe zomwe zinafa ndi kashembe. Nthawi imeneyo panalibe munthu, ngakhale dotolo, wodziwa kuti malungo adza ndi udzudzu. Amayesa kuti achokera ku mpweya woipa wa m'madambo. Chinsinsicho anachitulukira Ronald Ross m'chaka cha 1897, zaka makumi awiri m'tsogolo mwache.

Akuru amati mlendo ndi mame. M'chaka cha 1877 anamwalira Dr William Black, ndipo m'chaka chomwecho Shadrach Mngunana anadwala namwalira, chaka chache choyamba cha sukulu chisanathe. Anawaika onse awiri pa Cape Maclear, patsinde pa phiri. Sukulu siinafe naye. Mwa ophunzira a pamenepo munaturuka Albert Namalambe, amene anadza pamodzi ndi ana a mafumu a Makololo. Ndiye woyamba kubatizidwa pa mishoniyo, m'chaka cha 1881. Ndipo Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ku Bandawe chaka chomwecho, ndipo pambuyo pache nchito ya pa Cape Maclear inakhala m'manja mwa Albert.

Za William Koyi zinayenda mwina. Iye chinenedwe sichinamsautse, pakuti anatumidwa kwa Angoni a mfumu M'mbelwa. Makolo a Angoniwo anachokera kumwera komweko, naoloka Zambezi ndi Zwangendaba m'chaka cha 1835, tsiku lija dzuwa linada usana. Ndipo Chingoni chao chinali pafupi ndi Chixhosa. Pamene Koyi anayamba kulankhula nao m'chaka cha 1878, anazizwa kumva mlendo alikunena monga mmodzi wa iwo. Anadziwa kulonjera mfumu, anadziwa pokhala pa bwalo ndi nthawi yokhala chete. M'chaka cha 1882 anakhazikika pa Njuyu.

Koma onani, mphunzitsi uyu anali nao mau, nasowa ana. Akuru a Angoni anakana sukulu, poopa kuti anyamata akaphunzira buku adzakana kunka ku nkhondo, ndipo mtundu udzafoka. Chaka chinatha, china chinadza, sukulu yosatseguka. Nthawi zina ankhondo amadza ndi mikondo ndi zishango kudzaopsya, Koyi nawabweza ndi mau ofatsa. Munthu wina akadatopa, nanena kuti, Ndinadzera kuphunzitsa, pano palibe changa, ndinka kwathu. Koyi anakhala. Ndipo anyamata ena, poopa kuoneka usana, amadza pa mishoni usiku mobisa kudzaphunzira zilembo. Mmodzi wa iwo ndiye Mawelera Tembo, amene anabatizidwa m'chaka cha 1890, nakhala mphunzitsi ndi wopeka nyimbo. Inu amene amai anu amakudzutsani ndi kukukankhirani ku sukulu, taganizani za anyamata aja oyenda mumdima, akuopa afisi ndi akuru omwe.

M'chaka cha 1886 mvula inachedwa m'dziko la Angoni. Ataona kuti nsembe zao sizinathandize, anapempha amishoni kuti apemphere kwa Mulungu. Dr Walter Elmslie anapemphera nao pa Njuyu, ndipo mvula inagwa. Patapita miyezi yowerengeka, mfumu ndi nduna zache anapangana, nalola kuti sukulu zitsegulidwe. Mau amenewo anampeza Koyi ali gone pa mphasa, alikudwala nthenda imene sanadzuke nayo. Anamva, nakondwera, namwalira m'mwezi wa June chaka chomwecho, ndipo anamuika pa Njuyu. Tsiku lotsegulira sukulu, limene analilindira zaka zinai, anaima pamaso pa ana ndi ena.