Mukafika ku Guangzhou, Patulani Madzulo Amodzi Mukaone Zisudzo za Eni Mzinda

Amalawi ambiri amaudziwa mzinda wa Guangzhou chifukwa cha katundu. Ena amapitako kukaoda zovala, mafoni ndi zipangizo zomangira nyumba, ena amafikako pa nyengo ya Canton Fair, chionetsero cha malonda chimene chinayamba mu 1957 ndipo chimatsegulidwa mu Epulo ndi mu Okutobala. Chikhazikitsireni ubale wa Malawi ndi boma la Beijing kumapeto kwa 2007, kulinso ana athu amene akuphunzira m'masukulu aukachenjede a ku China. Komabe tsiku la mlendo wotere silisinthasintha: m'mawa kumsika, masana kunenerera mitengo, dzuwa likalowa kubwerera kogona ku Xiaobei kapena ku Sanyuanli, kudya, kudzitsekera m'chipinda n'kumawerengera zotsala m'thumba. Ine ndikuti kutero n'kudzimana. Munthu amene walipira ndege yodula chonchi ayenera kupatula madzulo amodzi kuti akaone zimene eni mzinda amaimba, kuvina ndi kusewera, ndipo madzulo amenewo awakonzekere mofanana ndi momwe amakonzekerera zokatenga katundu. Kumsika mumaona zimene anthu amagulitsa. Zimene amazilemekeza, zimene zimawaseketsa ndi zimene zimawaliritsa mumakaziona pabwalo la zisudzo.

Poyambira pabwino ndi sewero loimba la chi Cantonese, limene limatchedwanso Yueju. Kalekale magulu a osewera ankayenda m'mabwato ofiira m'mitsinje ya chigawo cha Guangdong, n'kumaima mudzi ndi mudzi pa nthawi ya zikondwerero. Mu 2009 bungwe la UNESCO linaika seweroli pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, mndandanda womwewo umene pali Gule Wamkulu ndi Vimbuza. Kwawo kwenikweni kwa luso limeneli mu mzindawu ndi dera lakale la Liwan. Mumsewu wa Enning muli nyumba yosungiramo mbiri ya seweroli, Cantonese Opera Art Museum, imene inatsegulidwa mu 2016, ndipo m'bwalo lake muli siteji yoyang'ana padziwe pomwe osewera amaimba. Chapafupi pomwepo, ku Yongqingfang, kuli nyumba ya makolo a Bruce Lee, amene bambo ake, Lee Hoi-chuen, anali katswiri wa sewero lomweli. Aliyense amene anakula akuonera mafilimu a kung fu adzazindikira msanga kudumpha, kutembenuzika ndi kuzunguza mikondo kwa ankhondo a pasiteji, chifukwa mafilimu a ku Hong Kong anatengako zambiri ku zisudzo zamtunduwu.

Wina anena kuti, tikaonera bwanji zinthu zimene sitikumva chiyankhulo chake? Funsoli n'lomveka, pakuti ngakhale Mtchaina wochokera kumpoto samva chi Cantonese, ndipo n'chifukwa chake mawu a nyimbo amalembedwa pa zikwangwani zowala m'mbali mwa siteji, nthawi zina ndi Chingerezi chomwe. Koma Mmalawi sayenera kudabwa ndi luso limene limayankhula ndi nkhope komanso mayendedwe, pakuti kudambwe sikutuluka chilombo chopanda tanthauzo, ndipo wodziwa mwambo amachizindikira chisanafike pakati pa bwalo. M'zisudzo za ku China, nkhope yopakidwa utoto wofiira ndi ya munthu wokhulupirika ndi wolimba mtima, yakuda ndi ya wachilungamo wosakondera, yoyera ndi ya wachinyengo. Wosewera akanyamula chikwapu ndiye kuti wakwera hatchi, akagwira nkhafi ali m'bwato, akazungulira siteji wayenda ulendo wautali, ndipo mbendera zimene zili kumsana kwake zikusonyeza kuti ndi mkulu wa asilikali. Chotsala n'kuwerengeratu nkhani yake mwachidule musanapite. Mwachitsanzo, nthano yotchuka ya Njoka Yoyera imasimba za njoka imene inasanduka mkazi n'kukwatiwa ndi mnyamata wotchedwa Xu Xian, koma wansembe Fahai anafuna kuwalekanitsa. Mukadziwa zimenezo, zinganga, ng'oma ndi kulira kwa gaohu, kachoimbira ka zingwe ziwiri, zidzakuuzani zotsalazo.

Chodandaula chachiwiri ndi ndalama, ndipo n'choona kuti wamalonda amene wasintha makwacha movutikira safuna kumwaza yuan pa zosangalatsa. Yankho lake n'lakuti zambiri zabwino za madzulo ku Guangzhou n'zaulere. M'mapaki monga Liwan Lake, magulu a achikulire amasonkhana ndi zoimbira zawo kumaimba nyimbo za m'masewero mongodzisangalatsa, ndipo sathamangitsa woima n'kumamvetsera. Kukada, amayi ndi azigogo amavina m'magulu pa mabwalo a m'tauni. Pa Huacheng Square mukhoza kuima osalipira kanthu n'kuona nsanja ya Canton Tower, yotalika pafupifupi mamita 600, ikusintha mitundu ya magetsi kutsidya kwa mtsinje wa Pearl. Sitima yapansi panthaka imayambira pa ma yuan 2, ndipo kuchoka pa siteshoni ya Xiaobei, Line 5 imakufikitsani ku Zhujiang New Town, kumene kuli bwalo limeneli, osasintha sitima. Amene ali ndi kangachepe akwere bwato lausiku pa doko la Tianzi, ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Amene akutha kuonjezera apite ku Guangzhou Opera House, nyumba imene anailemba mapulani Zaha Hadid ndipo inatsegulidwa mu 2010, kapena ku Xinghai Concert Hall pachilumba cha Ersha, kwawo kwa Guangzhou Symphony Orchestra. Mipando yam'mwamba ndi yakumbuyo imakhala yotsikirapo mtengo kwambiri, koma nyimbo imamveka bwino lomwe. Kwa amene ali ndi ana, kapena amene sakufuna za mawu n'komwe, kuli masewera a akatswiri odumpha ndi kuyenda pa zingwe ku Chimelong International Circus ku Panyu, komwe mumatsikira pa Hanxi Changlong pa Line 3.

Chimene chimalepheretsa alendo ambiri si mtengo ayi, koma kusakonzekera, ndipo apa safunsa anadya phula. Ku China pafupifupi chilichonse chimalipiridwa pa foni, choncho ikani Alipay kapena WeChat Pay ndi kulumikiza khadi lanu la Visa kapena Mastercard musananyamuke. Matikiti amagulitsidwa pa Damai ndi Maoyan, kapena pa zenera la nyumba ya zisudzoyo. Popeza zambiri zimalembedwa m'Chitchaina, pemphani wolandira alendo pa hotela kapena wophunzira mnzanu akuthandizeni. Zionetsero zambiri zimafuna kuti tikiti ilembedwe dzina ndi nambala ya pasipoti, ndipo pachipata amayerekeza, kotero tikiti yogula kwa adobadoba apanja ikhoza kukusiyani pakhomo ndalama itapita. Masewero ambiri amayamba cha m'ma 7:30 kapena 8 koloko madzulo. Fikani patatsala theka la ola, chifukwa pachipata amafufuza zikwama ndipo wochedwa amadikiritsidwa panja mpaka pa nthawi yopumira. M'nyumba zikuluzikulu salola kujambula sewero lili mkati, ndipo kawirikawiri salola ana osafika mita 1.2 kutalika. Google Maps, WhatsApp ndi Facebook n'zotsekedwa ku China, ndiye konzani Amap yolondolera njira ndi DiDi yoitanira galimoto. Sungani dzina la hotela yanu lolembedwa m'zilembo za Chitchaina, ndipo dziwani kuti sitima zomaliza zimanyamuka cha m'ma 11 koloko usiku, malingana ndi njira yake.

Chodandaula chachitatu n'cholemera kuposa zonse: kodi munthu wakuda ali pabwino kuyenda usiku mu mzinda uno? Mantha amenewa ali ndi pochokera. Mu Epulo 2020, pa nthawi ya mliri wa Covid-19, anthu ambiri a ku Africa anatulutsidwa m'nyumba za lendi ndi m'mahotela ku Guangzhou, mpaka akazembe a maiko a ku Africa ku Beijing anakadandaula ku boma. Kuyang'anitsitsidwa, kujambulidwa osapempha, kapena kuimitsidwa ndi apolisi n'zinthu zimene zimachitika ndithu. Koma kubisala sikuchotsa tsankho, kumangosiya eni mzinda akudziwa Mwafirika wa kumsika yekha, osamuona atakhala nawo mzere umodzi akuombera m'manja wosewera wawo. Chimene chimakutetezani ndi kukhala ndi mapepala olongosoka. Lamulo la China limafuna kuti mlendo wa zaka 16 kapena kuposerapo aziyenda ndi pasipoti, ndipo ngati mukugona kwa mnzanu osati pa hotela, muyenera kulembetsa kupolisi pasanathe maola 24. Musapyole tsiku limene viza yanu ikutha. Vuto likagwa, nambala ya apolisi ndi 110, ya ambulansi ndi 120. Ndiponso ngozi zenizeni za usiku sizili m'nyumba za zisudzo. Zili kwa munthu wosamudziwa amene wakukomerani mtima mwadzidzidzi n'kukuitanirani kokamwa tiyi kapena mowa, kumene bilu imabwera yoopsa, ndiponso zili m'mabala momwe mumayenda mankhwala ozunguza bongo. Chamba n'choletsedwa kotheratu, apolisi amatha kuyeza mkodzo wa opezeka pamalopo, ndipo wozembetsa mankhwala akhoza kupatsidwa chilango cha imfa. Musasungire munthu phukusi, ngakhale akhale wakumudzi.

Palinso madzulo amene simudzasankha nokha. Wokugulitsani katundu akhoza kukuitanani ku chakudya, kenako ku KTV, kumene gulu limabwereka chipinda chake n'kumaimba mosinthana. Kumeneko ndi kumene ubale wa malonda umalimbira, choncho kukana popanda chifukwa sikuthandiza. Ngati simumwa mowa chifukwa cha chipembedzo kapena thanzi, nenani poyambirira penipeni n'kukweza kapu ya tiyi, pakuti kuyamba kumwa kenako n'kukana pakati ndiko kumaoneka ngati mwano. Pa tebulo lotere, mlendo amene anganene kuti dzulo anali ku Enning kukamvera Yueju amapeza nkhani yocheza nayo yoposa ya mitengo ndi makontena, ndipo mwini malo amaona kuti wabwera munthu wolemekeza kwawo. Choncho musananyamuke, kapena sabata ino ngati muli kale ku Guangzhou, sankhani tsiku, funsani zimene zikuonetsedwa, werengani nkhani yake, tengani pasipoti, ndipo muitane Mmalawi mnzanu amene sanapitepo kuti mupitire limodzi.