Mkuwo Subwezedwa

Kumudzi kuli mawu amene munthu amawamva n'kupitiriza kudya nsima, ndipo kuli ena amene amamudzutsa pamphasa asanasambe ndi m'manja momwe. Nduna ya mfumu ikamayenda madzulo kunena kuti mawa kuli msonkhano pabwalo, timati ikulengeza. Kulengeza kuli ndi mwini. Mumadziwa wotuma, mumadziwanso wotumidwa, ndipo uthenga ukapezeka wabodza, khomo loti mukagogode n'kufunsa limadziwika.

Kukuwa n'kwina. Wokuwa sapempha chilolezo kwa mfumu, ndiponso alibe nthawi yofotokoza. Nyumba ikamapsa, fisi akalowa m'khola, mwana akagwera m'chitsime, amangoti "Mayo ine! Thandizeni!" ndipo aliyense wamva amayenera kutuluka. Kumva mnzako akukuwa iwe n'kukoka bulangete ndi chamanyazi chimene anthu saiwala msanga. Mwambo umenewu ndi wabwino, ndipo wapulumutsa miyoyo yambiri m'midzi imene ili kutali ndi polisi kapena chipatala. Koma mphamvu yake ndi yomwenso imandiopsa: mkuwo umafuna miyendo, susiya mpata wa mafunso.

Mu Seputembala 2017, m'boma la Mulanje mudabuka mphekesera zoti kwafika anamapopa, anthu oyenda usiku kupopa magazi a ogona. Zidamveka kuti nkhaniyi idachokera kutsidya, ku Mozambique. Posakhalitsa idafika ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka mumzinda wa Blantyre. Mabanja adayamba kugona panja m'magulu, anyamata adatseka misewu n'kumasecha galimoto ndi zikwama za odutsa.

Taganizani mmene usiku wotero umayendera. Mayi amene wagona ndi mantha kwa masiku angapo akudzidzimuka, mtima ukugunda, thupi lili lefu. Akukuwa kuti "Anamapopa!" Mantha akewo ndi enieni, sakunama dala. Woyandikana naye sadaone kanthu, koma wamva, ndipo naye akukuwa kuti a kuseri amve. Pofika nyumba yakhumi, palibe akudziwa kumene mawu ayambira. Amene akutuluka atanyamula zikwanje ndi mipini afika pamalopo ali kale ndi chigamulo, changotsala n'kupeza munthu woti chimugwere. Ndiye amagwidwa ndani? Mlendo amene kwamudera panjira. Wamalonda amene m'chikwama mwake muli tochi ndi zingwe za foni. Wodwala misala amene sangayankhe bwino akafunsidwa kuti kwanu n'kuti. Munthu amene wapeza bwino msanga m'mudzimo, amene anzake amamung'ung'udzira kale.

Pofika kumapeto kwa Okutobala, anthu osachepera 9 anali ataphedwa. Mmodzi mwa iwo, mnyamata wodwala khunyu, adamutentha ku Blantyre. Ndikalingalira za iyeyu mtima umandiwawa kwambiri, chifukwa ndi munthu amene akadagwa pamsewu, mkuwo ukadayenera kumuitanira thandizo. Bungwe la United Nations lidachotsa ogwira ntchito ake ku Mulanje ndi Phalombe. Ma ambulansi ankagendedwa, azaumoyo adachita mantha kulowa m'midzi ndi zipangizo zawo, ndipo odwala osalakwa ndi amene adavutika nazo. Pulezidenti Peter Mutharika adapita yekha kukalankhula ndi anthu m'maderawo. Apolisi adamanga anthu osachepera 140. Madokotala adanena poyera kuti sadapeze umboni woti pali munthu amene adapopedwa magazi.

Aka sikadali koyamba. Kumapeto kwa 2002, dziko lili pa njala, kudamveka zoti boma likusinthanitsa magazi a anthu ndi chimanga cha thandizo. Mu Januwale 2003 gulu la anthu lidagenda Eric Chiwaya, gavanala wa chipani cholamula cha UDF mumzinda wa Blantyre, pomuganizira kuti akusunga anamapopa. Iye adapulumuka atavulala. Njala, umphawi ndi kusakhulupirira akuluakulu zimakonza mitima, mawu amodzi n'kuyatsa zonse ngati moto wa lupsa m'mwezi wa Okutobala.

Sindikunena kuti tileke kukuwa. Mudzi umene anthu ake aleka kuyankha mkuwo ndi mudzi woopsa kukhalamo, ndipo mbava zimaukonda. Chimene tidasokoneza ndi ntchito ya mkuwowo. Umaitana anthu kuti adzapulumutse, adzazimitse, adzagwire. Kuweruza kunali ndi malo ake, pabwalo, kutacha, woimbidwa mlandu atapatsidwa mpata wolankhula, ndipo lero kuli polisi ndi khoti. Inu amene mwathamangira mkuwo, mukafika funsani wakuwa ndani ndiponso waona chiyani ndi maso ake. Akakhala kuti wagwidwa munthu, imani pafupi naye, itanani amfumu kapena apolisi a m'mudzi. Nthawi zambiri pagulu pamakhala ena okayika ngati inu, ongodikira kuti wina ayambe kulankhula. Dziwaninso kuti woponya mwala umodzi pagulu lopha munthu angathe kuimbidwa mlandu wakupha, ndipo kunena kuti "ndidangomva anthu akukuwa" sikumuchotsera mlanduwo.

Lero mkuwo sukuyendanso ndi pakamwa pokha. Uthenga wa mawu pa WhatsApp, kapena chithunzi cha munthu pa Facebook cholembedwa kuti "samalani naye uyu," chimadutsa maboma atatu tambala asanalire. Wotumiza amati akungodziwitsa abale, koma chimene wachita n'kukuwa, popeza wolandira sadziwa mwini uthenga ndipo alibe womufunsa. Mukalakwitsa polengeza, mawa mutha kulengezanso zoona. Amene mwamuloza ndi mkuwo, mawa lakelo mwina salipeza.

Mu 2020, patangopita zaka zosakwana zitatu chichitikireni za ku Mulanje, mphekesera za anamapopa zidabukanso, ulendo uno m'maboma a kumpoto ndi pakati, ndipo anthu ena adaphedwanso.