Musanamunene kuti ndi mwana wosamva

Inu amene mwangoyamba kumene kugwira choko, bwerani ndikutsineni khutu. Mawu oti "kusamva" ndi msampha m'chiyankhulo chathu. Wogontha timati samva, wamwano timatinso samva, ndiye mwana akakufunsani kuti "Mwati chiyani?" kachitatu, mlandu wake mumaugamula pomwepo.

Ndinali ndi mnyamata wina mu Sitandade 3. Ndikamuuza kuti tenga tsache, usese pakhonde, kenako ukatunge madzi, iye ankangotenga tsachelo n'kuima chilili. Ndinamugwaditsa kangapo. Makolo ake atapita naye kuchipatala, anauzidwa kuti makutu ali bwinobwino. Ine ndiye ndinalimba mtima: ndi matama basi. Komatu tikakhala awiri pansi pa mtengo ankamva zonse. M'kalasi lodzaza thothotho, mvula ikuwomba pamalata, mawu anga ankamufika ngati wailesi yomwe sinagwire bwino siteshoni.

Dzina la vuto lotere ndinalidziwa mochedwa: auditory processing disorder, mwachidule APD. Khutu limalandira mawu bwinobwino, koma ubongo umavutika kuwasanja. Phokoso likachuluka, "mbale" ndi "mphale" zimamveka chimodzimodzi, ndipo chiganizo chachitali chimaduka pakati. Si nkhani yadzulo ayi. Katswiri wa ku America, Helmer Myklebust, analemba za ana otere mu 1954. Ena mwa iwo amakhala oti ali aang'ono ankadwaladwala khutu, ena anavulala m'mutu, koma ambiri chifukwa chake sichioneka.

Musathamangire kumupatsa mwana dzina la matenda. Imeneyo si ntchito yanu. Yanu ndi kope ndi bolopeni. Lembani: wasokonezeka nthawi yanji, anakhala pati, kunali phokoso lanji? Kenako uzani makolo, mwaulemu, kuti akamuyezetse makutu kaye, monga ku kiliniki ya makutu ya pa Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ya ku African Bible College ku Lilongwe. Makutu akapezeka kuti ali bwino, m'pamene akatswiri amaganizira za APD. Poyeza, amamuveka mahedifoni n'kumuuza manambala osiyana khutu lililonse nthawi imodzi, kapena mawu osakaniza ndi phokoso, kuti awabwereze. Kawirikawiri amadikira kuti mwana akwanitse zaka 7, chifukwa asanafike apo ubongo umakhala usanakhwime. Chenjeraninso apa: mayeso ambiri oterewa anakonzedwa m'Chingerezi, ndiye mwana wokulira m'Chichewa akhoza kulephera chifukwa cha chiyankhulo chabe. Ndiponso mwana wosakhazikika maganizo, kapena wovutika kuwerenga, amaoneka mofanana ndi mwana wa APD.

Podikira zonsezo, musakhale manja lende. Mukhazikeni kutsogolo, kutali ndi khomo. Mutchuleni dzina, ayang'ane nkhope yanu, kenako nenani chinthu chimodzi. Akachita, nenani china. Zofunika lembani pabolodi. Musamufunse kuti "Wamva?" chifukwa mwana woleredwa bwino amayankha kuti inde ngakhale sanatolepo kanthu, muuzeni abwereze zimene mwanena. Kukalipa ndiye kulibe phindu, kumangowonjezera phokoso lomwe likumuzunza kale.

Mnyamata uja sanayezedwe mayeso a APD aja, ndipo ine sindinamusunthe pa benchi yakumbuyo pomwe ankakhala. Anasiya sukulu ali mu Sitandade 5.