Azakhali, ndigule duwa liti poti pakhomo pali mphaka?

Azakhali,

Ndili ndi mphaka mmodzi komanso kagalu kamene kakungotafuna chilichonse. Ndikufuna duwa loyanga loti lizilendewera kuchokera pamwamba pa kabati. Wogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu wandionetsa awiri ofanana kwambiri, lina akuti money plant, lina philodendron, ndipo akuti loyambalo limaitana ndalama m'nyumba. Mnzanga wandiopseza kuti limodzi mwa awiriwa limapha ziweto. Ndigule liti?

Wokonda zobiriwira, Area 25, Lilongwe

Mwana wanga wa ku Area 25,

Tiyambe ndi za ndalamazo. Likanakhala kuti duwalo limaitana ndalama, amene ali nawo machubu makumimakumi uja bwenzi akupsa ndi dzuwa pamsewu, n'kumakuchonderera kuti uwonjezereko kangachepe?

Pa awiriwo usagule n'limodzi lomwe. Money plant, imene ena amaitcha pothos, ndi philodendron n'za banja limodzi ndi koko wakudimba uja. M'masamba mwake muli tizinthu tosongoka tosaoneka ndi maso, totchedwa calcium oxalate. Unadyapo ndiwo za masamba a koko zosapsa bwino, pakhosi n'kumayabwa mpaka kusowa pokanda? Mphaka wako akaluma tsamba amva zomwezo. Adzayamba kuchucha dovu, kudzikanda kukamwa, kusanza, mwina n'kukana chakudya. Mnzakoyo wathira mchere wambiri, chifukwa kufa nazo si kawirikawiri, koma kagalu kotafuna chilichonseko kakhoza kutupa lilime ukaona zakuda.

Ngati ukufuna kumawasiyanitsa kuti uzioneka wophunzira ukapita kwa anzako, gwira tsamba. La money plant ndi lochindikala, lonyezimira, nthawi zambiri la mawanga achikasu, ndipo kamtengo kogwira tsambalo kali ndi kangalande. La philodendron ndi lopyapyala, lofewa, ndipo latsopano limatuluka lofiirira m'kakhungu kamene pambuyo pake kamauma n'kugwa. Koma m'kamwa mwa mphaka onsewa amaluma chimodzimodzi.

Ndikukumva kale ukuti, "Azakhali, ndiliika pamwamba." Pamwamba pati? Mphaka amene amatha kutsitsa usipa pamwamba pa filiji alephere kabati? Komanso waiwala kuti wasankha duwa loyanga. Ntchito yake ndi kutsika, ndipo pakangotha miyezi ingapo nsonga yake izigwedezeka ndi mphepo pamphuno pa mphakayo. Iye adzayesa wamugulira chidole.

Ukabwerera kwa wogulitsa uja, funsa spider plant, ya masamba aatali a mizere yoyera, imene imatulutsa tiana tolendewera pansonga. Kwawo ndi kuno ku Africa konkuno, sivuta kusamala, ndipo bungwe la ku America loteteza nyama la ASPCA linaiika pa mndandanda wa zomera zopanda poizoni kwa amphaka ndi agalu. Vuto lake n'lakuti amphaka amaikonda mopitirira muyezo. Akaidya kwambiri asanza ndithu, ndipo duwa lako litsala lometedwa mpala, koma sudzathamangira ku chipatala usiku.

Ine mtima wanga uli pa Swedish ivy. Dzinalo lisakunamize, kwawo ndi kumwera kwa Africa. Masamba ake ndi ozungulira, a manomano m'mbali, ndipo ukathyola kanthambi n'kukaika m'botolo la madzi sikachedwa kuchita mizu. Pempha kwa aneba, usabe. Ungosamala kuti asakupatse English ivy m'malo mwake, chifukwa imeneyo imadwalitsa ziweto. Chimodzimodzinso string of hearts ndi string of pearls: yoyambayo, ya timasamba tooneka ngati mitima, imamera ngakhale m'tchire la ku Zimbabwe ndipo ilibe vuto; inayo, ya timipira tobiriwira, ndi ya poizoni, ndipo timipirato n'timene mphaka sangathe kutisiya.

Zikachitika kuti wina walumako tsamba lolakwika, muchotse zotsalira m'kamwa, mutsukemo ndi madzi pang'ono. Usamumwetse mchere kapena mafuta ophikira kuti asanze, zimenezo n'zongowonjezera mavuto. Ukaona kukamwa kwatupa kapena akupuma movutikira, thamanga kwa dokotala wa ziweto. Ku Lilongwe komweko bungwe losamalira nyama la LSPCA lili ndi chipatala. Utenge tsambalo kuti akalione okha, chifukwa ndikukudziwa, ukafika kumeneko uzikangoti "lobiriwira lija."

Tsopano za mnyamata amene sunamutchule m'kalatamu. Inde, mtsikana sayamba kukongoletsa kabati popanda chifukwa. Ukamuuze kuti akamabwera ndi maluwa asayerekeze kubweretsa ma lily. Amenewo ndiye amaphadi amphaka, amaononga impso, ngakhale mphaka atangonyambita ufa wake wachikasu uja kapena kumwa madzi a m'botolo mwake. Akafunsa kuti nanga abweretse chiyani, umuuze kuti azakhali ako amamwa tiyi wa mkaka, ndipo shuga wawathera.

Azakhali