Phunziro la Makomiti: Zimene Akatswiri a Zachuma Anapeza Zokhudza Nyanja ya Tonse

Pamisonkhano ya makomiti a m'mbali mwa nyanja limabuka kawirikawiri funso ili: kodi n'chifukwa chiyani boma linayamba kugawana ndi asodzi udindo wosamala nsomba? Ena amayankha kuti boma linasowa ndalama zogulira mafuta a maboti olondera. Pamenepo pali choona pang'ono, koma ganizoli linachokeranso ku kafukufuku wa akatswiri a zachuma, amene anatenga zaka zoposa 40 akutsutsana pa nkhani imeneyi. A komiti ayenera kudziwa zimene anthuwa anapeza, chifukwa malamulo amene mukugwiritsa ntchito pa doko lanu anaumbidwa ndi mkangano womwewo.

Chifukwa chimene phindu limathera

M'chaka cha 1954, katswiri wa zachuma wa ku Canada, H. Scott Gordon, analemba za chinthu chimene chinkamudabwitsa. Nsomba sizilimidwa, sizifuna feteleza ndipo zimaswana zokha, komabe asodzi a m'mayiko ambiri anali osauka. Iye anafotokoza kuti nyanja ikakhala yolowa aliyense, anthu amapitiriza kuwonjezera maboti ndi maukonde mpaka phindu lonse litatha.

Kuti timvetse, tiyerekeze ndi nyanja yaing'ono imene muli maboti 10. Onse pamodzi amapha ndowa 200 pa mwezi, kutanthauza ndowa 20 boti lililonse. Mafuta, kusoka maukonde ndi malipiro a alovi zimadya ndalama zokwana ndowa 8 pa boti. Phindu la nyanja yonse ndi ndowa 120. Anthu a kumtunda akuona kuti kunyanja kuli ndalama, ndipo maboti afika 20. Nsomba zophedwa zakwera kufika ndowa 260, ndiye boti lililonse likupeza ndowa 13. Zolowa zakwana ndowa 160, choncho phindu la onse latsika kufika pa 100, ngakhale nsomba pa doko zikuoneka zambiri kuposa kale. Koma popeza 13 ndi wamkulube kuposa 8, ena akugulabe maboti. Akafika 30, nsomba zoswa zayamba kuchepa, zophedwa zatsika kufika ndowa 240, aliyense akupeza 8 ndipo akuwononga 8. Onse akugwira ntchito usiku ndi usana popanda chotsala.

Taonani kuti m'chitsanzochi mulibe munthu wopusa kapena woipa mtima. Wobwera kumene amawerenga ndowa 13 zimene akupeza iye, sawerenga ndowa 7 zimene zachoka kwa aliyense wa anzake akale. Ndipo msodzi amene angaganize zosiya kasawala kuti akule amadziwa kuti mawa mnzake adzamukokera kumtunda. Phunziro ili likukhudzanso eni zida pa bizinesi yawo. Musanatenge ngongole ya ukonde wachiwiri, onani m'buku lanu ngati ndowa zimene ukonde woyamba umapha zikukwera kapena kutsika chaka ndi chaka.

M'chaka cha 1968, Garrett Hardin, amene anali katswiri wa zamoyo, anafalitsa ganizo lofananalo pogwiritsa ntchito chitsanzo cha busa la mudzi limene aliyense amawonjezerapo ng'ombe mpaka msipu kutha. Iye anati njira zilipo ziwiri zokha: boma lilamulire ndi mphamvu, kapena chinthucho chikhale ndi mwini wake. Maboma ambiri anatsata njira yoyamba, kuphatikizapo Malawi, kumene lamulo la za usodzi la 1973 linaika mphamvu zonse m'manja mwa boma. Dziko la New Zealand linatsata njira yachiwiri mu 1986 pogawira makampani ndi asodzi mlingo wa nsomba zoti aphe pa chaka, umene angathe kugulitsana. Njira imeneyi imafuna kuti nsomba zonse ziyezedwe pa sikelo zikafika kumtunda, zimene n'zovuta kuno kwathu kumene madoko ndi ambirimbiri.

Ulamuliro wa boma pawokha sunapulumutse nsomba kulikonse. Kwawo kwa Gordon komweko, boma la Canada linali ndi asayansi, sitima zolondera ndi ziphaso, koma nsomba yotchedwa cod inatha ku Newfoundland mpaka boma linatseka usodziwo mu 1992. Anthu pafupifupi 30,000 anataya ntchito. Kuno kwathu, ku nyanja ya Malombe kunkaphedwa chambo chopitirira matani 8,000 pa chaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, koma pofika 1993 sichinkakwana ndi matani 1,000 omwe. Malamulo analipo, koma m'mabuku.

Asodzi a ku Alanya

Amene anatsutsa zoti njira n'ziwiri zokha ndi mayi wa ku America, Elinor Ostrom. M'malo mongowerengera mu ofesi, iye ndi anzake anasonkhanitsa nkhani za midzi imene yasamala nkhalango, msipu, madzi a mthirira ndi nsomba kwa zaka zambiri popanda kuzitha. Buku lake, Governing the Commons, linatuluka mu 1990, ndipo mu 2009 anakhala mayi woyamba kulandira mphoto ya Nobel ya zachuma.

Chitsanzo chimodzi cha m'bukumo, chochokera ku kafukufuku wa Fikret Berkes, n'choyenera kuchimvetsa bwino. Ku Alanya, m'dziko la Turkey, kunali asodzi pafupifupi 100. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ankalimbirana malo abwino otchera, kukangana ndi kuwononga ndalama pothamangitsana. Atayesa njira zosiyanasiyana kwa zaka zoposa 10, anagwirizana izi. Mwezi wa Seputembala uliwonse ankalemba mayina a asodzi onse oyenera, ndi mayina a malo onse otchera. Malowo anali otalikirana kuti ukonde wa wina usatsekereze nsomba zopita kwa mnzake. Kenaka ankachita mayere kuti aliyense adziwe poyambira. Kuyambira Seputembala mpaka Januwale, tsiku lililonse msodzi ankasunthira pa malo otsatira chakum'mawa, ndipo Januwale akadutsa ankasunthira chakumadzulo, potsata mmene nsomba zimayendera. Chikalata cha mgwirizanowu chinkasungidwa ndi meya ndi apolisi.

Nzeru yake ili apa: aliyense ankadziwa tsiku limene adzakhale pa malo onona, ndipo patsikulo ankalawirira. Wakuba malo ankapezana ndi mwini tsiku, amene asodzi ena onse ankamuikira kumbuyo podziwa kuti mawa ndi iwo. Panalibe kulemba ntchito mlonda. Sitikunena kuti njirayi ingakoperedwe pa doko la chilimira, pomwe usipa umatsatidwa kumene wapezeka. Chofunika kuona n'chakuti lamulo linakonzedwa ndi anthu odziwa madziwo, ndipo kulisunga kunali kopindulira wolisungayo.

Ostrom anapeza mfundo 8 zimene zinkapezeka m'magulu okhalitsa. Zina mwa izo ndi izi: zidziwike bwino kuti malire a madzi ndi ati ndipo ololedwa kuphamo ndani, amene lamulo likuwakhudza akhale nawo polipanga ndi polisintha, olondera aziyankha kwa asodzi anzawo, milandu iziweruzidwa pafupi, mwachangu ndi motsika mtengo, boma livomereze mphamvu ya gululo. Mfundo ina imene makomiti ambiri amaiphonya ndi ya chilango chokwera pang'onopang'ono. M'magulu amene anakhalitsa, wolakwa koyamba ankalipira chindapusa chochepa kwambiri, chongomudziwitsa kuti anzake amuona. Chilango chinkakula akabwereza. Komiti imene imawotcha ukonde wa munthu pa mlandu woyamba, koma n'kulekerera mlamu wa amfumu pa mlandu wachisanu, yaphwanya mfundoyi mbali zonse ziwiri.

Malombe, Chiuta ndi Mbenji

Maganizo otere ndi amene anali kumveka pakati pa maboma ndi mabungwe othandiza pamene ndondomeko yogawana udindo inayamba ku Malombe ndi kumtunda kwa mtsinje wa Shire mu 1993. Lamulo latsopano la za usodzi la 1997 linapereka mpata woti anthu a m'madera atenge mbali posamala nsomba.

Koma kafukufuku sanathere pomwepo, ndipo zimene anapeza sizokoma zonse. Ofufuza a ku Malawi konkuno, monga Mafaniso Hara, Steve Donda ndi Friday Njaya, anayerekeza nyanja zathu. Ku Malombe makomiti oyamba anakhazikitsidwa ndi boma ndi thandizo la kunja. Ambiri mwa mamembala sanali asodzi, ena anakopeka ndi ndalama za pamisonkhano, ndipo panali kukokanakokana ndi mafumu. Asodzi ambiri ankaona komiti ngati dzanja la boma, ndipo chambo sichinabwerere pa mlingo wakale. Ku Chiuta zinayamba mwina. Chapakati pa zaka za m'ma 1990, asodzi eni ake ndiwo anaima kukana nkacha umene unabwera ndi asodzi ochokera kwina, ndipo boma linabwera kudzathandiza zimene iwo anali atayamba kale. Kumeneko lamulo linagwira, ngakhale panatsala vuto la malire popeza nyanjayo timagawana ndi Mozambique. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, mwambo wotseka usodzi nyengo ya mvula unayamba m'zaka za m'ma 1950 pansi pa ufumu wa Makanjira, Gordon ndi Ostrom asanamveke kuno. Kunena zoona, pa nkhani iyi ophunzira ndiwo anatsatira m'mapazi a asodzi.

Ntchito ya komiti mwezi uno

Pa msonkhano wanu wotsatira, mlembi abwere ndi kaundula ndi buku la milandu. Werengani maboti ndi zida zimene zili pa doko lanu lero, ndipo akuluakulu akuuzeni mmene zinalili zaka 10 zapitazo ndi ndowa zimene boti limodzi linkapha. Kenaka werengani mamembala a komiti: eni zida ndi angati, alovi ndi angati, amayi ogula ndi kuwamba nsomba ndi angati? Pomaliza onani milandu 5 yomaliza imene munaweruza, ngati olakwa mofanana analandira chilango chofanana. Mayankho anu muwapereke kwa mlangizi wa za usodzi wa m'dera lanu nyengo yotseka nyanja isanafike.