MGB yanga ikumwa mafuta: ndisinthe manifold?

FUNSO

A Makaniko,

Ndimakhala ku Leicester, ku England, ndipo chaka chatha ndidagula MGB ya 1971 yokhala ndi injini yake yomwe ija ya 1798cc ndi makabuleta awiri a SU. Ikamalira itaima, liwu lake silikhazikika, pena kukwera pena kutsika, ndipo mafuta ikumwa moopsa. Anzanga okonda galimoto zakale andizunguza mutu. Wina akuti ndichotse zonse ndiike manifold ya Weber 45 DCOE, ati galimoto idzauluka. Wina akuti ya Weber 32/36 ndiyo yosavuta poti kabuleta ndi imodzi. Wachitatu akuti ndisakhudze kanthu. Ine galimotoyi ndimayendera Loweruka ndi Lamlungu basi, mayi akunyumba ali pambali, ndipo za mipikisano ndilibe nazo ntchito. Ndigule iti?

Wokonda galimoto zakale, Leicester

YANKHO

Bambo, ndalama zanuzo zikhale kaye m'thumba. Mwa anzanu atatuwo ine ndili mbali ya wachitatu, ngakhale pa mawu oti musakhudze kanthu wawonjeza, pakuti galimoto yanu ikudwala ndithu ndipo ikufuna manja.

Tsegulani boneti muyang'ane mbali imene kuli makabuleta. Injini ya B-series ili ndi masilinda 4, koma hedi yake ili ndi mabowo awiri okha olowera mpweya wosakanikirana ndi petulo, ndi atatu otulukira utsi, onse mbali imodzi. Silinda 1 ndi 2 zimagawana bowo lakutsogolo, 3 ndi 4 lakumbuyo. Moto umayaka motsatana 1-3-4-2, kutanthauza kuti 2 ikangokoka, yotsatira ndi 1 pa bowo lomwelo, ndipo 3 ikakoka imatsatidwa ndi 4. Valavu ya silinda yobwera pambuyo imayamba kutseguka ya inzake isanatsekeke bwinobwino, ndiye ziwirizi zimalandana ngati ana awiri anjala pa mbale imodzi. Manifold iliyonse imene mungagule, yodula kapena yotsika mtengo, ikathera pa mabowo awiri omwewa. Siingathe kulowetsa mpweya woposa umene hediyo ingameze.

Manifold imene muli nayo adaipanga akudziwa zimenezi. Ndi yaifupi, ndipo SU iliyonse imayang'anizana ndi bowo lake, njira yake pafupifupi yowongoka. Pakati pali chitoliro cholumikiza mbali ziwirizo, chimene chimafewetsa kukoka kwa apa ndi apo kuja injini ikamazungulira pang'onopang'ono. Mkati mwa SU muli pisitoni yokwera ndi kutsika molingana ndi mpweya umene injini ikufuna, choncho mpweya umadutsa pa jeti mwaliwiro nthawi zonse ndipo petulo amamwazika bwino ngakhale mukukwera chitunda mu giya 4. Makabuleta awiri a HS4, a inchi imodzi ndi theka, ankapereka mphamvu ya 95 bhp galimoto ikutuluka m'fakitale ya ku Abingdon, ndipo amakwanira ngakhale hedi itakonzedwa pang'ono.

Weber DCOE ndi kabuleta yabwino kwambiri, ndipo kulira kwake mukaponda moto kumakoma, izi sindingakane. Koma ulemerero wake udachokera pa injini zokhala ndi bowo pa silinda iliyonse, pamene amaika ma DCOE awiri, silinda iliyonse nkukhala ndi m'mero wakewake. Pa MGB mumaika imodzi, ndipo m'mero uliwonse umadyetsabe masilinda awiri olandana aja. Vuto lina nlakuti mimero yake iwiri ndi yoyandikana kuposa mabowo a pa hedi, motero mapaipi a manifold amayenera kukhotera kunja. Pa manifold yaifupi makhotawo ndi akuthwa. Timadontho ta petulo ndi tolemera kuposa mpweya, ndiye pokhota timakamenya khoma lakunja nkumayenderera, silinda ina kulandira wambiri, inzake wochepa. Yaitali imakhota mofatsa ndipo ndiyo yabwino, koma imakankhira kabuleta kufupi ndi chitsulo cha bodi, malo a fyuluta ya mpweya nkuchepa.

Ndalama sizithera pamenepo. DCOE yachizolowezi ilibe potengera kapaipi ka vacuum kopita ku distributor, choncho distributor yanu ya Lucas iyenera kukonzedwanso, ndipo pa ulendo wamba DCOE idzamwa mafuta kuposa SU zoyenda bwino. Majeti ake ndi ambiri, ndipo kuti agwirizane ndi injini yanu pamafunika rolling road, makina amene amayezerapo galimoto mawilo akuzungulira itaima, ndi munthu woidziwadi Weber. Phindu lake limaoneka injini ikamazungulira kwambiri, pa hedi yokumbidwa ndi camshaft yaukali. Inu ndi mayi pa Lamlungu simufikako kumeneko.

Nanga 32/36? Kutchuka kwake kuli ndi mbiri. Mu 1975, chifukwa cha malamulo oletsa utsi, ma MGB opita ku America adawaika kabuleta imodzi ya Zenith-Stromberg pa manifold youmbidwa pamodzi ndi ya ekizozi, ndipo mphamvu idatsika kufika pansi pa 70 bhp. Eni galimoto zimenezo ataikamo 32/36 adaonadi kusintha, mbiri nkufalikira. Koma za ku Britain zidasunga SU ziwiri mpaka fakitale kutsekedwa mu 1980. Pa yanu, 32/36 imakhala pamwamba, mpweya umatsika, kukhota mwadzidzidzi, kenako kuyenda mtunda wautali kukafika ku hedi. Kukazizira petulo amatsalira m'makoma, nchifukwa chake mamanifold ambiri a mtunduwu amatenthetsedwa ndi madzi a mu injini, ndipo kudodoma ponyamuka ndi dandaulo lofala. Mungawononge ndalama zambiri nkupeza mphamvu yosaposa imene munali nayo.

Zimene mwafotokozazo zikuloza ku mpweya wolowera posayenera ndi zitsulo zodyeka. Injini itazima, gwirani ka shafti ka throttle pa SU iliyonse mukagwedeze chokweza ndi chotsitsa. Kakamasewera, ndiye kuti mpweya ukulowera pamenepo, ndipo makaniko wina adawonjezera petulo pofuna kubisa vutolo. Mafuta anu akuthera apo. Kenako injini ikulira, poperani pang'ono mankhwala otsukira kabuleta pamene manifold yakumana ndi hedi. Liwu likasintha, gasiketi yatha. Samalani kwambiri pochita izi, chozimitsira moto chikhale pafupi, chifukwa ekizozi yotentha ili pompo pansi pake. Onaninso chitsulo chotchinga kutentha pakati pa ekizozi ndi makabuleta, singano ndi majeti ngati zadyana, ndi mafuta a m'zivundikiro za SU. Mavalavu ndi timing zikonzedwe makabuleta asanachunidwe. Zipangizo zatsopano za SU zikupangidwabe ndi kampani ya Burlen ku Salisbury. Ndipo poti kuyambira Seputembala 2021 petulo wamba ku Britain ndi E10, wokhala ndi ethanol wambiri amene amadya labala wakale, sinthani mapaipi a petulo ndipo muzithira E5, wa ethanol wochepa.

Tsiku lina mukadzakumbitsa hedi ndi kusintha camshaft, DCOE idzakhala ndi tanthauzo. Pamenepo mudzasankhe manifold yaitali, ndipo musanalipire mudzayeze kukhuthala kwa makutu ake. Pa injiniyi manifold ya mpweya ndi ya ekizozi zimamangidwa ndi mabauti amodzi, washala mmodzi wokhuthala kupanikiza makutu onse awiri. Khutu lina likakhala lopyapyala, washalayo amapendekeka ndipo mpweya umayambanso kulowa. Mudzawauzenso a inshuwalansi za kusinthako, ndipo ma SU ndi manifold yake mudzasunge m'bokosi, pakuti ogula ma MGB ambiri amafuna zida zake zoyambirira.